Batire la Apongozi

Zaka zimenezo, mafoni akadali a mabatani, inu musanabadwe n'komwe, ine ndinkanyamula makatoni m'nyumba ina yosungira katundu ku Hull, ndipo mayi anu ankamaliza sukulu ya unamwino kuno ku Leeds. Iwe Tadala ika foniyo pansi, ndipo usandiyankhe m'Chingerezi, nkhaniyi ikukhudza kubadwa kwako.

Mukudziwa kuti ine sukulu ndinaitsanzika mu Sitandade 5, koma pakamwa pokha ndinali ndi digiri. Choncho agogo anu a Nachisale akaimba foni kuchokera ku Ntcheu kufunsa kuti kodi mnyamata akufuna mwana wangayo ali ndi chiyani, ine ndinkatumiza uthenga wakuti ndili ndi nyumba yopumulirako m'mbali mwa nyanja. Ndinkaganiza kuti Ntcheu ndi kutali. Koma ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo umakutsata: tsiku lina mayi anu anangoti, “Amayi akubwera kudzaona ndikuvala gauni yomaliza sukulu, ndipo akuti za ukwati ayankha akaiona nyumbayo.”

Ana inu, ndinatuluka thukuta m'dziko lozizira.

Kuntchito kunali mdala wina wachizungu dzina lake Terry, amene anali ndi galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Ndinamupempha, nayenso anandipatsa makiyi n'kuyamba kulongosola zambirimbiri, ine ndikungogwedeza mutu ngati gulo, chifukwa Chingerezi cha ku Hull chimatuluka ngati munthu wavwata mbatata yotentha. Mayi anu ndinawauza zoona, ndipo anangogwira pakamwa n'kuti, “Ine sindikuthandizani kunama, komanso sindikuululani. Muziona nokha.”

Tinanyamuka atatu kupita kunyanja za kumpoto zija, kumene kuli mapiri ndi nkhosa zosawerengeka. Ndinauza apongozi, ndikuyang'ana pansi monga mwa mwambo, kuti nyumba za kuno zina zimayenda, mwini wake amangosankha kokaimika. Iwo anangoti, “Ooh.”

Tinafika pamalo oimikapo magalimoto ogonamo. Bwalo lalikulu laudzu, magalimoto otere ali ndandanda, matenti ali mbwee, azungu atakhala pamipando yansalu, mvula ikuwawaza, aliyense ali duu ndi kapu ya tiyi. Apongozi anakonza duku lawo n'kunong'oneza mayi anu, “Wamwalira ndani? Tikapepese kaye.” Atauzidwa kuti palibe maliro, anafunsa ngati kwawo kwa anthuwo kunasefukira madzi. Atamva kuti anthuwo asiya nyumba zabwinobwino zamoto m'kati, n'kudzalipira kuti agone pa udzu, anaomba m'manja kamodzi. “Kwathu munthu wogona panja timamusonkhera. Kuno ndiye olemera?” Nyanjayo nayo inali yodabwitsa: popanda wochapa, popanda wogulitsa nsomba, madzi ake ukaviika chala chimakudandaulira mpaka mawa.

Tsono inu a masiku ano mumakumbatirana ndi apongozi anu, kujambulitsa limodzi mutagundanitsa masaya. Kale sizinali choncho. Mkamwini akaona apongozi panjira ankapatukira kutchire, kudya nawo mbale imodzi ayi, kuwayang'ana m'maso ayi. Ndiye taganizani nyumba yoti ukatambasula mkono wakhudza khoma lina, tebulo lodyera ndi lomwelo limasanduka bedi, chimbudzi chili kuseri kwa kachitseko kopyapyala ngati ka kabati! Ine ndinakhoma katenti kanga panja, kusamba ndi zina zonse ndinkapita kuzimbudzi za anthu onse, m'galimotomo n'kusiyira amayi awiriwo.

M'mawa wa tsiku lachitatu mayi anu anandiitana kuti kwayaka kagetsi kofiira pachimbudzi. Ndinapita kwa gogo wina wachizungu wa galimoto yoyandikana nafe, ndipo iye mosangalala, ngati akundionetsa maluwa ake, anatsegula kachitseko kam'mbali mwa galimoto yathu n'kusolola chibokosi chapulasitiki chokhala ndi chogwirira. Akuti zonse zimene zalowa m'chimbudzi zimakhala m'menemo, ndipo mwini galimoto amanyamula yekha kukakhuthula kudzenje lake, kuseri kwa mabafa.

Ndinafunsa kawiri. Ndinati mwina Chingerezi chandiphonyanso. Koma ndikutembenuka ndinaona bambo wina wa ndevu zoyera, wooneka ngati dokotala, akudutsa ndi chake m'manja, akuimba mluzu, n'kundipatsa moni! Ana inu, dziko limene linapanga sitima ndi ndege, munthu wamkulu kumayenda ndi zimenezo dzuwa lili pamutu? Nanga ine, mkamwini, zimene ndikanyamulezo n'za yani?

Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka, koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinachikweza. Kulemera kwake ngati ndowa yodzaza, m'katimo mukumveka khuvu khuvu. Ndisanapite patali ndinamva mawu pazenera: “Bambo, mwanyamula chiyani?”

“Batire la galimoto, amayi. Ndikukalitchaja.”

Musaseke. Bodza linatuluka lokha ngati chifuwa.

Ndinafika kudzenjeko, ndinatsegula chotsekera, ndinayang'ana kumwamba n'kuyamba kukhuthula. Fungo lake losakanikirana ndi mankhwala abuluu amene amathiramo sindidzaliiwala. Ndinatsukuluza kamodzi, kawiri, katatu, poopa kum'bwezera Terry chinthu chonunkha. Potembenuka, ndinaona chitenje. Apongozi aima poteropo, foni yawo ili kumanja, chingwe chake chikulendewera. Anali atanditsatira chapatali kuti nawonso akatchajitse.

Limenelo ndilo linali tsiku loyamba kuyang'anana nawo m'maso. Ndinagwada pakonkire ponyowapo, chibokosi chili pambali panga. Ndinati mbewa ya manyazi inafera kuuna, basi ndinene zonse: nyumba si yanga, galimoto si yanga, changa ndi katenti kaja, nakonso n'kobwereka.

Apongozi anayang'ana chibokosi chija. Kenako anati, “Dzukani, mukunyowetsa buluku. Zoti si yanu ndinadziwa tsiku lomwe tinafika. Mwini nyumba satsegula makabati onse pofuna supuni.” Ine mtima unati basi, ukwati wapita ndi madzi abuluu. Koma anapitiriza: “Mwana wanga ntchito yake ndi yonyamula za odwala tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaopa kuti adzapeza mwamuna wom'nyansidwa akaweruka. Inu mwanyamula zanga, mwatsukuluza katatu. Ndawerenga. Kauzeni ankhoswe anu akumane ndi malume ake. Koma bodzalo mulithire m'dzenje momwemo.”

Ndiye ana anga, mukamakula m'dziko la eni ake lino, mudzaona zambiri zonyezimira zimene mungabwereke kuti anthu akutameni. Ine sindikuletsani kukongola. Koma dziwani kuti amene akukuyesani sayang'ana zimene mwaimika pabwalo, amayang'ana zimene mumanyamula mukamaganiza kuti palibe akukuonani. Bodza ndinalithiradi m'dzenje muja, ngakhale timadontho tina tinatsalira, mayi anu angachitire umboni.

Ndipo iwe Tadala, wakhala ukufunsa chifukwa chake agogo ako akaimba foni sayamba ndi moni, amayamba ndi kuti, “Bambo, batire lili bwanji?” Lero wadziwa. Ine ndimayankha kuti likadali ndi moto, amayi.