Tsiku Limene Apongozi Anandinunkhiza Pagulu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kuchokera kuno ku Nkhulambe. Ndikufuna ndikuuzeni za chizungulire ndi nseru zimene zinandisautsa kwa miyezi itatu nditamira m'nyanja, ndiponso mmene banja langa linatsalira pang'ono kutha chifukwa cha matendawo. Nkhaniyi ili ndi zonyansa zake, ndiye ngati mukudya, yambani mwamaliza.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi kuseri kwa Michesi, koma ndinakwatira kuno ndipo ndimalima munda wa kuchikazi. Chaka chimene nandolo anakanika, mnzanga wina ananditengera ku Mangochi ku ntchito yogwira tinsomba ta mawangamawanga totchedwa mbuna, timene azungu amaweta m'magalasi. Ntchitoyi ndi yomira. Amakuveka botolo la mpweya kumsana, paipi yopumira kukamwa, galasi kumaso, iwe n'kutsika pansi pa nyanja ndi kaukonde m'manja. Kunyumba sindinanene zimenezi. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anafera m'madzi ku Chilwa zaka zapitazo, ndipo apongozi anga aakazi anandilumbiritsa, kudzera mwa mkazi wangayo, kuti sindidzagwirako ntchito ya pamadzi. Choncho ndinanama kuti ndapeza ntchito yothirira maluwa pa loji.

Tsiku lina ndinadzuka ndi chimfine, mphuno zitatsekeratu. Amene anatiphunzitsa kumira anali atatichenjeza kuti wachimfine asalowe m'madzi, koma ine ndinaona ngati n'zachizungu. Munthu amene amalima malungo ali m'thupi angaope mamina? Potsika, khutu lakumanzere linayamba kuwawa. Ndinatsina mphuno n'kuuzira mwamphamvu kuti litseguke, kenaka ndinangomva kuti phu! m'mutu, madzi ozizira n'kulowa m'khutumo. Nyanja yonse inayamba kuzungulira, osadziwanso kumwamba ndi pansi. Ndinasanzira m'paipi muja, ndipo pokoka mpweya masanzi omwewo ankabwerera kukhosi. Tinsomba tija tinathamangira kudzadya zimene ndinasanzazo pamaso panga penipeni. Anzanga ndi amene anandikokera m'boti.

Iwo ankati zitha pakapita masiku awiri. Masabata awiri anadutsa ndikungodzandira, mpaka abwana anandiuza kuti ndikapume kwathu.

Kunyumba ndi kumene ndinaona zakuda. Ndikati ndiwerame ndi khasu, mizere inkapendama ine n'kugwa chafufumimba. Njinga ndinasiya kukwera nditagwera nayo m'ngalande. Fungo la matemba, amene ndinakula nawo, linkanditembenuza m'mimba akadali kumoto. Kenaka khutu lija linayamba kutuluka mafinya achikasu onunkha ngati khoswe wofera kudenga. Ndinathiramo mafuta ophikira ofunditsa monga timachitira kumudzi, ndipo m'pamene zinanyanyira. Ndinkatseka ndi thonje n'kuvala chipewa cha ulusi chofika m'makutu, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Mkazi wanga, mayi a Tadala, fungolo ankalimva, koma ankati n'la masanzi ndi kusasamba, pakuti madzi kumutu ndinali nditasiya kuthira. Ndinkadzinyansa ndekha. Thonje lija pochotsa ndinkachita kuyang'ana kumbali, n'kukalikwirira kuseri kwa chimbudzi.

Kuchipatala sindinapite. Ndinkadziwa kuti adokotala akandifunsa kuti khutuli linatani, ndipo mkazi wanga akakhala ali pambali panga. Akulu amati ukabisa matenda maliro adzaulula, koma ine ndinkaopa bodza langa kuposa maliro.

Nanga munthu wodzandira m'mawa, wosanza masana, wonunkha, wosalima, anthu anganene kuti watani? Mudzi wonse unagwirizana kuti ku loji kuja ndinakaphunzirako mowa, ndipo ndikumamwa mobisa. Chimene chinatsiriza zonse chinachitika Lamulungu lina kutchalitchi. Tikuimirira kuti tiimbe, denga linazungulira, ndipo kalongonda amene ndinadzikakamiza kudya m'mawawo ndinamukhuthulira pa nsapato za mkulu wa mpingo. Amayi a mzere wa kutsogolo anatseka mphuno ndi nsalu zawo. Mkazi wanga anatunga madzi n'kukolopa yekha pamaso pa mpingo wonse. Kuyambira tsiku limenelo mphasa yanga anaisamutsira kukhitchini.

Patapita masiku anayi uthenga unafika woti amalume ake a mkazi wanga, a Makwinja, amene ndi eni mbumba, aitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Nonse mukudziwa tanthauzo lake. Mkamwini akathamangitsidwa amanyamula kathumba kake basi, ana amatsala kwa mayi awo. Ine ndili ndi ana aakazi awiri, Tadala ndi mng'ono wake, ndipo ndinaona kuti ndiwataya chifukwa cha mowa umene sindinaulawepo chibadwire.

Dzulo lake la mlanduwo ndinakwawira m'munda wa chinangwa masana, n'kugona chafufumimba nditagwira nthaka kuti isandithawe. Miyezi yonseyi pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndichiritseni mwakachetechete, anthu asadziwe. Pemphero limenelo Mulungu sanaliyankhe, ndipo lero ndikumvetsa chifukwa chake. Tsiku limenelo ndinapemphera mosiyana. Ndinati, Ambuye, ine mphamvu youlula ndilibe, koma ana anga musandilande, chitani zimene mukufuna.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Zovala zanga zinali zitamangidwa kale m'thumba la feteleza, litatsamiritsidwa pa njinga. A Makwinja anayala milandu yanga umodzi umodzi, ndipo nkhoswe yanga inangozolika. Atandifunsa ngati ndimamwa, ndinakana, anthu n'kuseka. Koma chilungamo chinakanika kutuluka.

Apongozi anga anali atakhala patali, kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira, monga mwambo ufunira. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pamudzipo, ine ndi iwo sitinagwiranepo chanza kapena kukhala pamphasa imodzi. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Koma mayi amenewa asanatembenuke mtima anatcheza kachasu zaka zambiri, ndipo m'dera lonse lino zidakwa zinkawadziwa.

Mwadzidzidzi tinangoona adzambatuka, n'kudutsa pakati pa amuna onse, molunjika kwa ine. A Makwinja anakuwa kuti, “Achemwali, mwambo mwauika kuti?” Iwo sanacheuke. Anagwada patsogolo panga, nkhope yawo pafupi ndi yanga.

“Bambo a Tadala, tsegulani pakamwa. Uzirani kuno.”

Ndinauzira, manyazi atandigwira mpaka kuphazi. Anandinunkhiza kukamwa, kenaka malaya, kenaka thukuta la m'khosi.

“Ine mowa ndimaudziwa ngakhale wa dzana,” iwo anatero. “Munthu uyu alibe dontho m'thupi. Chikununkha pano n'chowola.”

Mphuno yawo inatsata fungolo mpaka kukhutu, ndipo anandivula chipewa chija. Thonje linatuluka litamatirira ku ulusi, litanyowa ndi mafinya osakanikirana ndi magazi, otsalawo n'kuyenderera m'khosi. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo. A Makwinja anasuntha mpando wawo akulavula, nkhoswe yanga inatembenukira kumbali, ndipo mkazi wanga anagwira pakamwa. Apongozi nawonso analavula, koma sanachoke. Anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chawo n'kundipukuta.

Apa ndi pamene ndinaulula zonse: za loji yabodza, za botolo la mpweya, za chimfine, za lumbiro limene ndinaphwanya. Ndinkayembekezera kuti atamva za madzi, iwo ndi amene ayambe kundiponyera thumba lija. Koma anatembenukira kwa mlongo wawo uja, kansalu konyansa kaja kali m'manja.

“Mwana wanga mmodzi madzi anamutenga osandibwezera,” anatero polankhula kwa a Makwinja. “Uyu andibwezera. Ndiye inu achimwene mukuti ndimutaye ndekha? Masulani thumbalo, mupeze kabaza.”

Tsiku lomwelo mkazi wanga anandiperekeza kuchipatala, atandigwirira kumbuyo kuti ndisagwe, ndipo njira yonse anandikalipira chifukwa cha bodza. Ndinali woyenera mawu onsewo. Kuchipatalako anatitumiza kwa adokotala a makutu ku Blantyre. Anapeza kuti mwinikhutu, kachikopa ka m'kati mwa khutu, anang'ambika tsiku lija m'nyanja, ndipo matenda anali atalowa mkati, kumene kumathandiza munthu kuima osagwa. Atamva za mafuta ophikira anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndikanachedwa, mafinyawo akanatha kufika ku ubongo. Anatsukamo, anandipatsa mankhwala akumwa ndi odontheza, n'kundiphunzitsa kutembenuza mutu pang'onopang'ono tsiku lililonse. Nseru inayamba ndiyo kutha, chizungulire chinatsatira patapita masabata angapo. Khutu lakumanzere limamva pang'ono chabe mpaka lero, ndipo m'madzi anandiletsa kumiranso, ngakhale kuti safunika n'kundiletsa komwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana kundichiritsa mobisa, chifukwa akanatero ndikanakhalabe wabodza m'nyumba mwanga. Ndikuthokoza mkazi wanga amene anakolopa masanzi anga pamaso pa mpingo, ndi apongozi anga amene analolera kuphwanya mwambo kuti ana anga asakule opanda bambo. Inu amene muli ndi chinthu chimene mwachiphimba ndi chipewa, kaya ndi matenda kaya ndi bodza, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, koma pitani kuchipatala ndipo uzani anthu anu. Thandizo lanu likhoza kukhala mwa munthu amene mumamuthawa panjira.

Mwambo wathu unabwerera m'malo mwake. Dzulo ndikuchokera kumunda ndi ana anga, khasu paphewa, tinakumana ndi apongozi, ndipo iwo anapatukira kutchire monga kale. Ali komweko, atandifulatira, anakuwa kuti, “Bambo a Tadala, khutulo mwatsuka?” Ndinatembenuzira khutu lakumanja kutchireko n'kuyankha kuti eya, amayi, ndatsuka.

Ambuye alemekezeke. Ameni.