Anati Nkhani Ithere M'nyumba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Lirangwe. Mumandiona ndikuimba kwaya, koma simudziwa kumene Mulungu ananditola. Lero ndilankhula.

Banja langa linali labwinobwino. Bambo akunyumba amagwira ntchito yaulonda ku Chileka, kumudzi amabwera Loweruka lokha. Ine kumunda, mwana wathu Chisomo kusukulu.

Lachiwiri lina ndikuthyola nandolo, dzuwa lili paliwombo, kunatulukira alamu anga, akulu awo a bambowo. Munthu woti ndinkamugwadira pomupatsa madzi! Anati akungodutsa. Kenaka ananditseka pakamwa. Anandigwiririra, abale. M'munda mwanga momwe. Pochoka anati, "Ukangoulula, banja lako latha. Akhulupirira ndani, iwe kapena ine?"

Sindidziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba. Ndinasamba. Ndinasambanso. Ndinasambanso.

M'mawa mwake ndinakawauza apongozi anga. Anamvetsera, kenaka anatseka chitseko. Anati, "Onsewa ndi ana anga. Mukufuna mmodzi akafere kundende? Nkhaniyi ithere m'nyumba muno."

Abale, pamenepo ndiye ndinatheratu. Kudya ayi. Kupemphera ayi. Ndinayamba kuganiza zoti bola kungofa.

Koma Mulungu sagona! Lachinayi sindinapite kumapemphero a amayi. Mayi Kalonga, amene amatitsogolera, anabwera kudzandiona. Anayang'ana mikwingwirima ya m'khosi mwanga.

"Esinati, wakupangani izi ndani?"

Ndinangolira. Sanandikakamize. Anakhala pansi pambali panga mpaka ndinanena zonse.

"Zachitika liti?"

"Dzana."

Anadzambatuka. "Valani nsalu, tiyeni. Mankhwala oteteza ku kachilombo amafunika masiku atatu asanathe."

Ndinati apongozi andiletsa. Iwo anati, "Thupi lavulalali ndi la apongozi?"

Tinakwera kabaza, mitambo ya fumbi m'mbuyo. Kuchipatala anandiyeza, anandipatsa mankhwala, anandilembera kalata. Anesi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, inu simunalakwe." Anabwereza kawiri. Kuchokera apo tinapita kupolisi.

Loweruka linafika. Bambo akunyumba asanalowe pakhomo, amayi awo anali atawatchingira kale kumsewu. Bambowo anafika maso ali gwa! Anakhala pakhonde osandiyang'ana.

"Amake Chisomo, mwakamangitsa achimwene anga?"

Ndinawapatsa kalata ya kuchipatala. Anawerenga nthawi yaitali. Anaipinda, anaiika pansi, ananyamula chikwama chawo, ulendo wa ku Chileka. Osatsanzika.

Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Foni osayankha. Pamsika anthu ankaloza ndi milomo: uyo wapasula mtundu wa eni ake. Mayi Kalonga ananditengera ku gulu la amayi amene anakumanapo ndi zomwezi, kuli mlangizi. Tsiku loyamba ndinangomvetsera. Tsiku lachiwiri ndinalankhula pang'ono.

Tsiku la mlandu linakwana. M'khoti, abale onse a bambo anakhala mbali imodzi, apongozi kutsogolo. Ine mbali inayi, ndi Mayi Kalonga basi. Alamu aja anandiyang'ana. Ndinati mumtima, Yesu, sinditha.

Ndiye ndinamva benchi kulira. Kucheuka, ndi bambo a Chisomo, ali mu yunifolomu, atuluka kumene ku ntchito. Anadutsa amayi awo, anadzakhala pambali panga. Anandinong'oneza kuti, "Ndinakulakwirani. Nenani zonse, ndili pano."

Aleluya! Ndinaimirira. Ndinanena zonse, osasiyako.

Alamu aja ali kundende. Magazi anga anayezedwanso, ndili bwino. Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Apongozi mpaka lero sandiyankha moni. Kumunda kuja sindipita ndekha, amandiperekeza amayi anzanga. Masiku ena mantha amabwerabe. Koma ndimadya, ndimaseka, ndimaimba. Bambo anapeza nyumba ku Chileka kuno, tikukhala limodzi.

Ndithokoze Mulungu. Ndithokoze Mayi Kalonga, anesi aja, ndi amayi a gulu lathu.

Mlongo wanga, mwina muli muno, mwasenza zanu, simunauzepo munthu. Simukuyenera kuimirira pano ngati ine. Tikaweruka ndikhala kuseri kwa tchalitchi, pa mtengo wa mango. Mungobwera n'kundipatsa moni. Zinazo tikambirana awiri.

Amen.