Anandichotsa pa geti la sukulu ndi zitumbuwa zanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ine ndine Agnesi Zulu, ndimakhala ku Nabvutika kuno ku Chipata. Ndikufuna ndikuuzeni za miyezi imene ndinakhala ndekhandekha m'nyumba nditachotsedwa pamalo anga a malonda, ndi mmene Mulungu ananditulutsira.

Bambo a ana anga atamwalira, ndinayamba kukazinga zitumbuwa. Ndinkazigulitsa pa geti la sukulu ina ya pulayimale, pamodzi ndi masiwiti ndi timadzi tashuga toziziritsa m'timapepala. Tinalipo amayi anayi. Ana anga awiri anakulira zitumbuwa zimenezo mpaka anapita kukagwira ntchito ku Lusaka. Koma kunena zoona, pa geti paja sindinkapitira malonda okha. Ndi pamene ndinkaseka, ndi pamene munthu ankandifunsa ngati ndadzuka bwino.

Kenaka pasukulupo panabwera ahedi atsopano, Amai Mbewe. Anaitanitsa msonkhano wa makolo, ndipo kunabweranso a zaumoyo. Anati ana akuwola mano, ena akungodya zashuga tsiku lonse, choncho zokazinga ndi zotsekemera zisagulitsidwenso pafupi ndi sukulu. Makolo anagawikana. Bambo wina anaimirira nati boma lisatilowere m'mbale, mwana ndi wake, ndipo ife si ana oti tiziuzidwa chodya. Mayi wina anayankha kuti mwana wamng'ono sasankha, amangotsata chotsekemera, ndiye akulu akapanda kumuteteza amuteteze ndani? Anakangana mpaka dzuwa linapendeka. Ife ogulitsa tinakhala kumbuyo, ndipo palibe amene anatifunsa kanthu. Ankakamba za zitumbuwa zanga ngati poizoni, ine ndili pomwepo, manja anga ali ndi zipsera za mafuta.

Lolemba lotsatira mlonda anatiuza kuti tinyamule mabeseni athu. Anzanga awiri anasamukira ku msika wa m'tauni, koma ine miyendo yanga sikanatha ulendo umenewo tsiku ndi tsiku. Wachitatu anabwerera kumudzi. Ndinayesa kugulitsira pakhomo, koma mzere wathu uli ndi okazinga ambiri kale. Ndinasiya.

Masiku anayamba kutalika. Ndinkasesa pabwalo kawiri kuti ndingopeza chochita. Belu la sukulu likalira nthawi yopuma ndinkalimva ndili m'nyumba, ndipo ndinkadzidzimuka ngati pali ana akundidikira. Ndikaimbira mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ankati, “Amama, ahediwo sanalakwe, odwala shuga tikuwaona tsiku lililonse.” Mwina ankanena zoona, koma ndinaleka kumuuza za kumtima kwanga. Ku mphakati, kumene timapemphera ndi akhristu a m'dera lathu, ndinalekanso kupita, chifukwa mayi uja wa pamsonkhano ndi wa komweko. Chimene chinkandidya kwambiri linali funso lakuti kodi zaka zonsezi ndinkadwalitsa ana a eni osadziwa?

Tsiku lina masana ndinagwada pafupi ndi mbaula yanga yozizira. Mawu ambiri ndinalibe. Ndinangoti, “Ambuye, ngati ndinalakwa ndionetseni, koma musandisiye ndekha chonchi.”

Loweruka la mlungu womwewo ndinamva odi pakhomo. Nditatuluka ndinapeza ndi Amai Mbewe. Mtima unakana, koma mpando ndinawapatsa.

“Amai Zulu, ndabwera kudzapepesa,” anatero. “Lamulo lija sindilichotsa, koma ndinalakwa posakufunsani.”

Anandiuza kuti ana ambiri amabwera kusukulu osadya kanthu, ndipo chichokereni ife ena akusinza m'kalasi, okulirapo akudumpha mpanda kukagula masiwiti omwewo kutali. Anandiuzanso zimene sindinkadziwa, kuti amuna awo anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Anati akaona mwana akuyamwa timadzi tija ankaona amuna awo, ndipo mantha ndiwo anawachititsa kuika lamulo lija mothamanga.

“Ana awa mwawadyetsa zaka zambiri,” anapitiriza. “Ndiuzeni inu chimene angadye, chimene mungathe kuphika.”

Aka kanali koyamba kuti munthu andifunse. Ndinawauza za nshawa zophika, zimene ena amati mtedza, mbatata, chimanga chootcha nyengo yake ikafika, ndi chigumu cha nthochi zakupsa chimene sichifuna shuga. Ndinawauzanso mosabisa kuti mwana si wodwala wa m'chipatala, mukamuletsa zonse adzadumphabe mpanda. Tinalimbana pang'ono, mpaka anavomera kuti zitumbuwa zizikhalapo Lachisanu lokha. Potuluka anaseka n'kunena kuti ndine wovuta, ine ndinati ndaphunzirira kwa iwo.

Makolo atagwirizana nazo, ndinabwerera pa geti, ndipo mmodzi wa anzanga aja anachoka ku msika kudzakhala nane. Za mkangano uja, mpaka lero sindinganene kuti wolondola anali bambo uja kapena mayi uja. Chimene ndikudziwa n'chakuti lamulo labwino limapwetekanso likafika ngati mbama, osayamba lakhala pansi ndi anthu. Amuna a Amai Mbewe anamva za chigumu changa n'kupempha kuti alaweko. Tsopano Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi ndimawatengera, ndipo sandilola kuchoka ndisanadye nawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la mayi wamasiye. Inu amene mwatsala nokha chifukwa ntchito yatha kapena anthu akuweruzani musanayankhule, pirirani ndipo musaleke kupemphera. Mukamva odi, tsegulani, ngakhale woodirayo akhale amene anakulizani. Wanga Mulungu anatuma yemweyo. Amen.