Mawu a achimwene m'kabokosi ka gitala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, monire mose a kuno ku Chisenga. Ndikufuna ndichitire umboni za mantha amene anandigwira miyezi itatu, mpaka ndinasiya kuimba besi m'tchalitchi. Koma ndiyambe ndi manyazi anga, kuti mudziwe mtundu wa munthu amene akulankhulayu.

Dzina langa ndine Yotamu. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndipo Chingerezi changa ndinachitola pa matumba a feteleza ndi m'dikishonale yakale yopanda chikuto. Tsiku lina ndinaona pa kabokosi ka gitala palembedwa CAB. Dikishonale inandiuza kuti ndi galimoto yahayala, ndiye ine ndinakauza kwaya yonse modzitama kuti ukadina pamenepo gitala imalira ngati hutala. Mpaka lero ena amanditchula kuti a Dalaivala.

Kabokosiko kanali ka achimwene anga a Lameki, amene ankaimba gitala ya lidi ine ndili pa besi. Anakagula ku Tunduma. Ntchito yake ndi kutsanzira ampu, chokuzira mawu a gitala: waya wa gitala umalowa m'menemo, wina n'kutuluka kupita ku mikisa, ndipo ukaponda ndi phazi gitala imamveka ngati yadutsa mu ampu yaikulu pomwe ampuyo palibe.

Lamlungu lomaliza limene tinaimbira limodzi tinakangana. A Lameki anati besi yanga ikukwirira mawu a kwaya. Ine ndinayankha anthu ali pomwepo kuti ngati makutu awo akalamba, apume. Lachinayi anayamba kudandaula mutu, Loweruka anatisiya. Sindinapepese, abale. Ndinkati ndipita mawa, ndimalize kaye kupalira.

Maliro atatha, alamu anga anandipatsa kabokosi kaja. Posakhalitsa ampu ya besi ya kutchalitchi inapsa, fundi n'kunena kuti singadzukenso. Ndinaganiza kuti kabokosi kandithandiza, poti besi nayonso ndi gitala. Ndinalumikiza m'mawa wa Lamlungu osayesa n'komwe.

Nditakhudza nsambo, chimene chinatuluka sichinali besi yanga. Kugunda kwa pansi kuja kunalibe. Kunatuluka mawu oonda, olira cham'mwamba, ndipo nditachotsa zala anapitiriza okha, katatu, akuzilala pang'onopang'ono. Aliyense m'tchalitchimo anawadziwa mawuwo. Alamu anga anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ine ndinazimitsa, ndipo tsiku limenelo kwaya inaimba ndi ng'oma yokha.

Lachiwiri masana ndinabwerera kutchalitchi ndekha. Ndinatseka chitseko, ndinati, "Pepani akulu," ndipo ndinakhudzanso nsambo. Mawu aja anandiyankha chimodzimodzi. Apo mtima unandiuza kuti a Lameki sanandikhululukire: anati besi yanga yachuluka, tsopano andilanda, andisiyira kulira kwawo.

Ndinakulunga kabokosiko m'thumba n'kukakaika m'nkhokwe. Koma kulira kuja kunanditsata. Ndikamalima, nkhungu ikutsika m'mapiri a Mafinga, khasu likagunda mwala ndinkaima kudikira kuti limvekenso katatu. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Ndinkaona mmene anthu ankayang'anira malo amene tinkaima awirife. Kawiri konse ndinanyamula thumba lija kuti ndikaponye kumtsinje, kawiri konse ndinabwerera panjira, poti ndani angataye m'bale wake m'madzi? Pemphero langa linafupika mpaka linatsala ili lokha: Ambuye, ngati ndi iwo, auzeni kuti ndalapa.

Mtima unayamba kuthamanga, ndiye ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono. Kunali nesi watsopano wochokera ku Mulanje, mayi Likoswe. Akundiyeza, anayang'ana zikang'a za kunsonga kwa zala zanga n'kufunsa ngati ndimaimba besi. Nawonso anaiimbapo kutchalitchi kwawo. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa, koma ndinawauza zonse. Sanaseke. Anangoti ndibweretse kabokosiko kutchalitchi Loweruka akaweruka.

Lowerukalo nditakhudza nsambo, anamvetsera kamodzi kokha, n'kugwedeza mutu.

"Bambo, apa palibe mzimu. Achimwene anu anasunga makonzedwe awo pa nambala wani. Kabokosi sikadziwa kuti mwini wake anamwalira, kakungochita zomwe anakauza."

Anandionetsa chimodzichimodzi. Kubwereza kuja ndi eko imene a Lameki ankaikonda. Kulira kuja ndi ampu ya lidi imene anaisankha, yokweza kwambiri mpaka mawu kusasa. Ndipo CAB yanga ija, abale, si galimoto. Ndi bokosi la sipika. Kabokosi kamatsanzira sipika ya gitala wamba, imene sinyamula mawu apansi, ndiye besi ikadutsa m'menemo imatuluka yometedwa. Anati kabokosi ka gitala kangathe kugwira ntchito ndi besi, bola uzimitse sipika yonamizirayo, usankhe ampu yosasasa, ndipo usakanizemo mawu enieni a besiyo.

Anayamba kufufuza nambala yopanda kanthu yoti asungepo makonzedwe anga. Thuu inali ndi zake, firii chimodzimodzi. Atafika pa seveni anaima.

"Kodi paja dzina lanu munati ndani?"

Pa kagalasi kaja panalembedwa YOTAM BES, poti malo a zilembo ndi ochepa. Sipika inali yozimitsidwa kale, eko kunalibe. Nditakhudza nsambo, besi yanga inabwerera yathunthu, koma yofatsa kuposa kale, yoti kwaya ingaimbe pamwamba pake momasuka. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana. Madzulo ake alamu anandiuza kuti Lolemba lotsatira mkangano uja, a Lameki anakhala pakhonde ndi kabokosiko mpaka dzuwa kupendeka. Atafunsidwa chomwe akupanga, anangoti, "Zam'ng'ono wanga wamakaniyu."

Ndikuthokoza Mulungu amene anachotsa nesi ku Mulanje kudzandisinthira nambala, chinthu choti phazi langa lomwe likanatha kuchita ndikanapanda kuopa. Yewo chomene kwa mayi Likoswe. Sindinganame kuti zonse zinatha. Pa nambala wani sindinafufute, ndipo phazi likaphonya n'kugwera pamenepo, thupi limachitabe tsembwe. Koma tsopano ndikudziwa kuti m'bale wanga anapita atandikhululukira, ine ndisanapemphe n'komwe. Inu amene mwakulunga chinachake m'thumba chifukwa cha mantha, musataye mtima, pempheranibe, ndipo muuzeko munthu. Amene muli ndi wina woti mumupepese, siyani khasu mupite lero.

Lamlungu lotsatira ndinaimanso kutsogolo. Titatuluka, a Sichali, mkulu woyandikana naye nyumba amene makutu ake anatseka kalekale, anandigwira dzanja n'kukuwa monga amachitira ogontha:

"Mwe a Yotamu! Ine nyimbo sindimva, ndimangoona milomo. Miyezi yonseyi ndimakhala pa benchi yakufa. Lero yanjenjemera, ndati eya, munthu uja wabwera."