A Laimoni Anatsala ku Beira

Ine, Eliness Chakanza, wa zaka 54, wa m'mudzi mwa Kaphuka ku Luwani, m'boma la Neno, mlimi wa nandolo ndi chimanga, ndikunena izi:

Amuna anga ndi a Laimoni Chakanza, a zaka 61. Anafika ku Luwani mu 1987 pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala. Tinakwatirana mu 1994. Anandiuza kuti abale awo onse anafa pankhondo. Tili ndi ana awiri, Jeffrey wa zaka 28 ndi Christabel wa zaka 23. Christabel amaphunzira zaunamwino pa yunivesite ina mumzinda wa Beira. Chipwitikizi anamuphunzitsa ndi bambo ake.

Christabel anatiitana kuti tikaone nyanja ya mchere pa nthawi ya tchuthi chake. A Laimoni anakana kawiri, kachitatu anavomera. Tinanyamuka Loweruka pa 3 Ogasiti 2024, tinatulukira pa chipata cha Mwanza, tinagona ku Tete, ndipo tinafika ku Beira Lamulungu cha m'ma 5 koloko madzulo. Tinafikira m'nyumba yogona alendo pafupi ndi sukulu yake.

Lolemba m'mawa tinapita kunyanja. Kuli nsanja yaitali ya nyali yotsogolera zombo, ndipo patsinde pake pali chombo chakale chadzimbiri chokwiririka mumchenga. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndinawalawa. A Laimoni sanavule nsapato.

Lachiwiri Christabel anatiyendetsa pasukulu pake. Anatisonyeza zidole zazikulu ngati munthu zomwe amaphunzirirapo kubaya jekeseni. Masana tinapita kukaona siteshoni ya sitima ndi doko. Tili panjinga yamoto ya matayala atatu, a Laimoni ndi amene ankauza woyendetsa pokhotera. Nditawafunsa, anati anagwirapo ntchito yonyamula matumba padokopo zaka ziwiri. Zimenezi ndinali ndisanazimvepo.

Lachitatu tinayenda makilomita pafupifupi 30 kunja kwa mzinda, n'kuoloka mtsinje wa Savane pa boti. Tinadya nkhanu ndi kumwa madzi a kokonati. Christabel anatijambula zithunzi zisanu ndi chimodzi.

Lachinayi tinaona tchalitchi chachikulu chamiyala, kenako hotela yakale yopanda zitseko ndi mazenera, momwe mukukhala mabanja ambiri. Pakhoma pake pamera mitengo.

Lachisanu pa 9 Ogasiti, cha m'ma 10 koloko m'mawa, tinalowa mumsika wa nsomba wa m'mbali mwa nyanja. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma, wa zaka ngati 60, anaimirira mwadzidzidzi mpaka beseni lake linagubuduka. Anaitana kuti, "Simau." Dzinali sindinkalidziwa. A Laimoni anaima, anavula chipewa.

Anayamba kulankhulana m'Chipwitikizi. Sabata yonseyo Christabel ankandimasulira chilichonse, ngakhale zolembedwa pazikwangwani. Apa anamasulira mawu awiri oyamba, kenako anasiya. Ndinamufunsa kuti, "Kodi akuti chiyani?" Anayankha kuti, "Amayi, tiyeni tikakhale pamthunzi."

Tinakhala pansi pa mtengo, mtunda wa mamita ngati 20. Mayi uja anaimba foni. Patapita mphindi ngati 40 panafika bambo wa zaka za m'ma 36 kapena 37, atavala ovololo yabuluu. Nkhope yake ndi kayendedwe kake n'zofanana ndi za Jeffrey. A Laimoni anatambasula dzanja. Iye sanalilandire.

Cha m'ma 12 koloko a Laimoni anabwera pomwe tinakhala. Anati, "Amake Jeffrey, mayi uja ndi Ameliya. Ndinamukwatira mu 1985. Ndinamusiya ali ndi pakati, ine ndikupita kwathu ku Mutarara kukaika maliro a bambo anga, njira n'kutsekeka. Ndinamva kuti anafa." Ndinawafunsa ngati nsomba tigulebe. Tinabwerera kogona, sitinagule kanthu.

Loweruka a Laimoni anatuluka 7 koloko m'mawa okha. Ine ndi Christabel tinapitanso kunyanja monga tinakonzera. Ndinatola zigoba za nkhono zam'madzi, n'kuzimanga pansonga ya chitenje. A Laimoni anabwera 4 koloko madzulo. Tinadya mpunga limodzi. Za komwe anapita sitinakambe.

Lamulungu pa 11 Ogasiti tinafika pokwerera basi isanakwane 6 koloko m'mawa. A Laimoni anatsegula pansi chikwama chawo chomwe tinalongedzamo tonse, anatulutsa mabuluku awo awiri, malaya atatu ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, n'kuika m'jumbo. Anandipatsa kiyi wa khola la mbuzi. Anati, "Mwana uja wakula wopanda bambo. Ndipatseni nthawi." Ndinafunsa kuti nthawi yaitali bwanji. Anati, "Sindikudziwa." Palibe anawakakamiza, ndipo panalibe mkangano. Christabel analipo, anaona zonse. Mpando wa pambali panga unayenda wopanda munthu mpaka ku Chimoio.

Ndinafika kunyumba Lolemba pa 12 Ogasiti madzulo. Jeffrey atafunsa, ndinamuuza kuti bambo ake atsala kuti aonane ndi dokotala wa mano. Christabel ndinamuuza kuti asanene kanthu kwa mchimwene wake. Foni ya a Laimoni siipezeka chichokereni kumeneko.

Pa 20 Ogasiti Christabel anandiimbira. Anati anawaona bambo ake mumsika uja akuyala nsomba pathebulo, ali bwinobwino. Bambo akewo anamufunsa ngati nandolo takolola. Ndinati awauze kuti tili mkati.

Dzulo, pa 28 Ogasiti, Jeffrey anabwera kuno ku polisi kudzanena kuti bambo ake asowa, ndiponso kuti anthu m'mudzi akufunsa chifukwa chake ine ndinabwerera ndekha ndi chikwama chawo. N'chifukwa chake mwandiitana. A Laimoni sanasowe. Ali ku Beira, kwa mkazi wawo woyamba. Nambala ya Christabel ndaipereka kwa wapolisi amene akulembayu. Sindikudandaulira munthu aliyense.

Jeffrey ali panja pabenchi, akundidikira. Ndikupempha kuti mumuitane, mumuwerengere inu zimene mwalembazi, ine ndili pompano.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi, palibenso zina.

Saini: E. Chakanza
Lachinayi, 29 Ogasiti 2024