Mafinya a m'mimba anatuluka osang'amba

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Nsaru. Bambo a kunyumba atayamba kudandaula m'munsi mwa mimba chakumanja, ndinkangowathowa ndi madzi otentha. Kuchipatala ankakana. Ankati, "Akakanding'amba, fodyayu athyola ndani?"

Thupi litatentha koopsa, ndinawakakamiza kupita kuchipatala cha kwathu, ndipo kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Adokotala anati kathumbo kotchedwa apendikisi kanaphulika n'kusonkhanitsa mafinya. Ndinkaganiza kuti basi awang'amba. Koma anawabaya mankhwala oti makina ounikira m'thupi otchedwa sikani aonetse bwino, kenako, akuyang'ana pakanema, analowetsa kapaipi penipeni pa mafinyawo n'kuwatulutsa.

Lero bambowo ali m'chigafa, akusoka fodya yemweyo. Chipsera chomwe ankachiopacho n'chochepa ngati njere ya chimanga.

Anzanga, mimba yotere sathowa. Thamangirani kuchipatala.