Paipi imene ndinkakana kusintha

Alemekezeke Ambuye, abale ndi alongo! Ndine Ngozo wa ku Manjawira, uja ndinasowa m'tchalitchi muno. Ena munkati ndalowerera. Sindinalowerere ayi. Ndinkanunkha.

Mkodzo unanditsekeka ndili m'munda wa kachewere. Kuchipatala anandiika paipi yotulutsira mkodzo, ndi kathumba komangirira pamwendo. Anati, "Bambo, muzibwera mwezi ndi mwezi tizisintha." Mumtima ndinati, asa! Ife amene tinagwira kumigodi ku Joni, chinthu sititaya chisanathyoke. Komanso anamwino aja ndi msinkhu wa ana anga. Ndizikavula pamaso pawo mwezi uliwonse?

Miyezi isanu, paipi yomweyo! Thupi kutentha, msana kuwawa, mkodzo ngati thobwa. Ndinkagula makapisozi pamsika. Ndimwe awiri, ndipeze bwino, ndisiye. Sabata isanathe, zabwereranso.

Pamaliro a mlamu wanga, anthu anachoka pabenchi mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Ndinalira, abale. Koma sindinkalira malirowo.

Titafika kunyumba, akazi anga NaMaseko sanandinyengerere. Anati, "A Ngozo, manyazi anapha lambe. Mukufuna ndiferedwe chifukwa cha paipi? Mawa tikupita."

Dokotala anaichotsa, naidula pakati kuti ndione. Mayo ine! M'kati munali zoterera ngati za m'chigubu cha madzi chosatsuka. Anati, "Tizilombo tamanga mudzi umu, tafunda zotererazi. Makapisozi anu ankangodutsa pamwamba. Akatswiri akuyesa mankhwala atsopano, otengera zida zimene thupi limapanga lokha, oti aziboola chofundachi, koma kuno sanafike. Lero chida chanu n'kusintha paipi ndi kumaliza mankhwala. Mukanachedwa, impso zikanapita."

Ndinagona m'chipatala, ndinabayidwa, ndinamaliza mankhwala onse. Onse, abale, osasiyako ndi limodzi!

Sindinama pamaso pa Mulungu: sindinachiriretu. Paipi ndili nayo, kathumba kali pamwendo pano. Koma ndikulima, ndikudya ndi anthu, ndipo lero ndayima pakati panu. Ndikuthokoza Ambuye pondipatsa mkazi wosandiopa.

Azibambo anzanga, ndikudziwa kuti si ine ndekha muno. Lachitatu m'mawa ndikupita kukasinthitsa. Inu amene mukubisa zanu, mundipeza pasiteji. Sindikufunsani kanthu, tidzangokwera limodzi. Ameni.